Mjigo Ukafa, Amaukonza Ndani?

Sabata ino tiyambire pa mjigo. Tsiku loutsegulira tonse timalidziwa: amfumu alankhula, amayi aimba nthungululu, alendo ajambulitsa napita. Patatha zaka ziwiri rabala ya pansi yaperepeseka, madzi aleka, ndipo amayi omwe aja abwerera kudambo mwakachetechete.

Ambiri sadziwa kuti mjigo wa Afridev, umene uli m'midzi yathu yochuluka, kholo lake ndi mjigo wa Maldev umene unayesedwa m'chigwa cha Livulezi, konkuno ku Ntcheu, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Oupanga anafuna zinthu ziwiri: kuti anthu a m'mudzi azitha kuukonza okha ndi zipangizo zochepa, ndiponso kuti kapangidwe kake kasakhale chinsinsi cha kampani imodzi.

Tatchula zimenezi chifukwa ena mwa inu, amene mukuphunzira zamakompyuta ku MUBAS, MUST kapena Mzuni, mwakhala mukukambirana za Google Summer of Code. Ndondomekoyi inayamba mu 2005. Imalumikiza ongoyamba kumene ndi mabungwe osamalira mapulogalamu otseguka, ndiye kuti mapulogalamu onga Afridev, amene aliyense ali ndi ufulu wowaona m'kati, kuwakonza ndi kuwagawa. Kuyambira mu 2022 sikuti ndi ya ophunzira a kuyunivesite okha ayi. Wazaka 18 kapena kuposerapo, amene ndi watsopano pantchitoyi, akhoza kupempha. Wosankhidwa amapatsidwa mlangizi ndi ndalama, ndipo ntchito imakhala ya maola 90, 175 kapena 350. Dzinalo lisakusokonezeni: chilimwe cha anzathuwo chimagwa pamene ife tikuwotha moto, chisanu chitatsika kuchokera ku Tsangano.

Chimene chikutidetsa nkhawa ndi ichi. Tikamva maloto anu, pafupifupi aliyense akufuna kupanga chinthu chatsopano chimene dzina lake lidzalembedwepo. Wofuna kukonza zolakwika zakale, kulemba malangizo omveka kapena kuyesa ngati pulogalamu ikugwirabe ntchito bwino, ameneyo ngosowa. Ife tikuti pemphani ntchito yonyozekayo, pakuti ndiyo ikulira anthu.

Taonani zimene zinachitika mu Marichi 2024. Kapulogalamu kakang'ono kopanikiza mafayilo, kotchedwa xz, kali m'makompyuta osawerengeka a Linux padziko lonse, koma kwa zaka zambiri katundu wake anali pamutu pa munthu mmodzi wongodzipereka. Atatopa, panabwera wina wodzionetsa ngati wothandiza. Anadekha pafupifupi zaka ziwiri mpaka anakhulupiriridwa, kenaka anabisamo khomo lolowera akuba. Andres Freund, katswiri wa ku Microsoft, ndiye anatulukira chiwembucho, atadabwa kuti kulowa m'kompyuta yake kukuchedwa ndi theka la sekondi. Kukhala chisale cha komiti ya mjigo imene yatsala ndi nkhalamba imodzi.

Ndipo musaganize kuti izi nzakutali. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa ziwerengero za zipatala zathu kudzera mu DHIS2, pulogalamu yotseguka yochokera ku Yunivesite ya Oslo. Kwa anansi athu a ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likusunga mbiri za odwala mu OpenMRS, ndipo a OpenMRS alandira achinyamata a ndondomeko ya Googleyi kwa zaka zambiri. Mnyamata kapena mtsikana amene anaimapo pamzere wa kuchipatala, kabuku ka umoyo kali m'manja, magetsi atathima, akudziwa zinthu zimene wolemba mapulogalamu wa ku Ulaya angangoziganizira. Chidziwitso chimenecho chilembeni m'pempho lanu mopanda manyazi.

Sitikubisirani zovuta. Bandulo ndi yodula, magetsi sadalirika, opempha ndi ambiri ndipo okanidwa amaposa osankhidwa. Tikudziwanso kuti ena chawakopa ndi madola. Sitikuwadzudzula, fizi ndi fetereza sizidikira. Koma alangizi amazindikira msanga pempho la munthu wongotulukira sabata yomaliza, makamaka lolembetsa kwa makina, lodzaza mawu okoma opanda umboni wa ntchito.

Mabungwe otenga nawo mbali amalengezedwa cha mu Febuluwale, mapempho amalandiridwa kumapeto kwa Marichi mpaka kumayambiriro kwa Epulo, ndipo osankhidwa amadziwika mu Meyi. Choncho musadikire. Sankhani pulogalamu imodzi, iikeni pakompyuta yanu, werengani mndandanda wa zovuta zimene ena adandaula pa GitHub, ndipo konzani chimodzi, ngakhale chikhale chiganizo chosamveka m'malangizo. Akakubwezerani kuti mukonzenso, konzaninso. M'pempholo nenani poyera kuti kwanu magetsi amathima, ndipo fotokozani kumene muzikagwirira ntchito masiku otero.