Wophunzira Ntchito Asamasiyidwe Yekha

M'chaka cha 1936, katswiri wina dzina lake H. H. Storey analongosola koyamba, ali ku Amani m'dziko la Tanzania, matenda amene amaoletsa chinangwa m'kati. Matendawa akusautsabe alimi kufikira lero, makamaka m'mbali mwa nyanja ya mchere ndi ya Malawi. Kuwazindikira n'kovuta. Khate la chinangwa limapiringiza masamba moonekeratu, koma matenda awa nthawi zina amangosiya timizere tachikasu pa masamba am'munsi, uku chinangwa chikuola pansi.

Ku Mikocheni mumzinda wa Dar es Salaam, kumene bungwe la IITA linatsegula nyumba yake yofufuzira m'chaka cha 2013, akatswiri amawadziwa bwino matendawa. Koma amene amaponda m'munda wa mlimi ndi mlangizi. Tsono funso ndi ili: mlangizi akabwera ku maphunziro a masiku owerengeka, ndani amamuuza ngati akuchita bwino?

Maganizo athu ndi akuti luso limakhazikika munthu akayesa, nauzidwa msanga pamene wakhoza ndi pamene waphonya. Mlangizi akanena kuti phata ili ndi lodwala, wamkulu wake alizule, adule chinangwacho, aone onse awiri. Akakhoza, ayamikiridwe pomwepo. Akaphonya, asonyezedwe tsamba limene linamusokoneza. Kuwongola mtengo m'poyamba.

Ena adzati kudzudzula kulikonse kumathandiza. Sichoncho ayi. M'chaka cha 1996, Kluger ndi DeNisi anasanthula kafukufuku wambiri wa nkhaniyi, napeza kuti pa maulendo atatu alionse amene munthu anauzidwa za kagwiridwe kake ka ntchito, kopitirira kamodzi ntchitoyo inalowa pansi. Izi zimachitika makamaka mau akalunjika pa munthuyo m'malo mwa ntchito. Amene wanyozedwa pagulu amaphunzira kubisa zolakwa, osati kuzikonza.

Ena adzadandaula za ndalama, pokumbukira kuti ndondomeko yophunzitsa alangizi masabata awiri alionse, imene World Bank inalimbikitsa m'zaka za m'ma 1980, inasiyidwa m'maiko ambiri chifukwa chokwera mtengo. Nzoona. Koma kuzula phata limodzi kumangolira khasu ndi mpeni.

Mlangizi akavomereza mbeu yodwala, mitengo yake imagawidwa mudzi wonse, ndipo cholakwacho chimadziwika pokolola. Akuluakulu a malo ofufuzira, tulukani m'maofesi, mukaime m'munda pamodzi ndi amene mwawaphunzitsa.