Wakutsina khutu ndi mnansi: mlandu wa Erasmus

Alipo amene amaphunzitsa kuti Erasmus wa ku Rotterdam ndi makina osindikizira mabuku ndiwo anang'amba Eklezia pakati. Ife tikukana.

Makinawo anayamba ndi kutumikira cikhulupiriro. Mu 1498, ku Nuremberg, Albrecht Dürer anasindikiza zithunzi 15 za Civumbulutso, zosemedwa pa matabwa, zolalikira ngakhale kwa wosadziwa kuwerenga. Mu 1516, ku Basel, Johann Froben anatulutsa Cipangano Catsopano ca Cigriki cimene Erasmus anakonza. M'mawu otsogolera, wansembe ameneyu analakalaka kuti mlimi aziimba Malembo ali m'munda, amayinso aziwerenga Uthenga Wabwino. Kodi kumeneku ndiko kupanduka?

Zoonadi, anadzudzula umbuli wa ansembe ena ndi malonda a cikhululukiro. Koma bala linalipo kale iye asanaliloze. Martin Luther atapatuka, Erasmus anamtsutsa mu 1524 pa nkhani ya ufulu wa munthu wosankha yekha, ndipo anamwalira mu 1536 ali mwana wa Eklezia. Komabe mu 1559 Roma analetsa mabuku ake onse. Analanga mnansi.

Inu makolo, musaope mwana wogwira buku ndi kufunsa mafunso. Opani umbuli, pakuti ndiwo umamwaza nkhosa.