Thumba Limodzi pa Mwezi: Tiwerengere Pamodzi Chakudya cha Osauka



Chaka chilichonse pamene nkhokwe zayamba kulira, kuyambira cha mu Disembala mpaka chimanga chachiwisi chitacha mu Marichi, timaona mizere ya anthu pa mabwalo a sukulu ndi pa malikulu a mafumu akudikira thandizo la chakudya. Ife amene tili ndi malipiro a pamwezi, kapena kagolosale, kapena mwana ku Johannesburg amene amatumiza kangachepe, timawapenya podutsa ndipo pakamwa pathu sipasowa mawu. Ena amati anthuwa angozolowera kulandira. Ena amati n'chifukwa cha ulesi. Ena amakwiya akamva kuti wina wagulitsako chimanga chimene wangolandira kumene. Tikukupemphani kuti tisanaweruze, tiyambe taika thumbalo pa sikelo ndi kuwerengera bwino chimene lili nacho.

M'zaka zapitazi, pa nyengo ya njala, boma kudzera ku nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA lakhala likupereka thumba limodzi la chimanga lolemera makilogalamu 50 ku banja lililonse losankhidwa, kamodzi pa mwezi. Banja la kwathu kuno nthawi zambiri limakhala la anthu anayi kapena asanu. Tikagawa makilogalamu 50 kwa anthu asanu kwa masiku 30, munthu aliyense akupeza magalamu 333 pa tsiku, ndiye kuti kilogalamu imodzi idyedwe ndi anthu atatu. Akatswiri a zakudya a m'mabungwe othandiza pa ngozi amanena kuti munthu amafunika mphamvu ya chakudya yokwana makalori 2,100 pa tsiku. Magalamu 333 a chimanga amapereka mphamvu yongopitirira pang'ono theka la muyeso umenewu. Apa n'kuti chimangacho sichinakonoledwe. Mayi akafuna ufa woyera, gaga amachotsapo gawo lina, n'chifukwa chake m'nyumba zambiri pa nyengoyi mumadyedwa mgaiwa wokhawokha, ndipo gaga yemweyo sapita ku nkhumba ayi, amaphikidwa.

Tsono m'thumbamo mulibe mchere. Mulibe mafuta ophikira, mulibe nyemba kapena usipa, mulibe sopo, machesi, ngakhale ndalama ya kuchigayo. Mwini chigayo salandira mawu othokoza, amafuna ndalama. Mwana akadwala malungo usiku, wa kabaza womutengera ku chipatala nayenso amafuna ndalama. Mayi amene tamuona akugulitsa ndowa imodzi pa msika sakunyoza thandizo. Akusandutsa chimanga kuti chikhale mchere ndi nsima. Akapanda kutero, ana ake adzatafuna chimanga chokazinga mwezi wonse. Ndipo tonse tikudziwa kuti thumba likafika pamudzi silikhala la banja limodzi. Mlongo wake wamasiye sanalembedwe, apongozi ake sanalembedwe, ndipo mwambo wathu sulola kuti utsi ufuke pa khomo limodzi ena akugona ndi njala. M'midzi ina mafumu amachita kulamula kuti onse olandira asonkhanitse chimanga chigawidwenso. Motero chakudya chimene pa pepala chikuoneka cha mwezi wathunthu chimatha pa sabata ziwiri.

Chimodzimodzi ndi ndalama za Mtukula Pakhomo. Ndondomeko imeneyi inayamba ngati yoyeserera m'boma la Mchinji m'chaka cha 2006, ndipo pofika 2018 inali itafalikira m'maboma onse 28. Cholinga chake ndi kuthandiza mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito: agogo olera ana amasiye, olumala, odwala matenda amgonagona. Timaiyamikira, pakuti yasunga ana ambiri pa sukulu ndipo yagulira ena mbuzi ndi malata. Koma m'chaka cha 2024 ndalama imene banja wamba linkalandira pa mwezi sinkafika K20,000, pamene kumayambiriro kwa 2025 thumba limodzi la chimanga linapitirira K80,000 m'misika yambiri. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Wamalonda akweza mitengo tsiku lomwelo. Wapantchito amakadandaula kwa bwana wake. Koma gogo wa ku Kasinje alibe kumene angakadandaule kuti ndalama yake yachepa mphamvu ili m'manja.

M'dziko la America, kumene boma limapereka thandizo la ndalama zogulira chakudya kwa osauka, andale ena ndi atsogoleri a mipingo akhala akudziyesa kukhala sabata imodzi akudya zokhazo zimene ndalama imeneyo ingagule. Mmodzi mwa iwo ndi Cory Booker, amene anachita zimenezi mu Disembala 2012 ali meya wa mzinda wa Newark, ndi ndalama pafupifupi madola 30 pa sabata. Ife tikuona kuti kuyesa kotereku kungatipindulire. Banja lililonse lopezako bwino litatenga nyengo ya Lenti ndi kudya monga mwa muyeso wa thumba lija, nsima ya mgaiwa kamodzi pa tsiku, ndiwo za nkhwani kapena chisoso zopanda mafuta, tiyi ayi, buledi ayi, lingaphunzire zimene ulaliki sungathe kuphunzitsa: momwe mutu umawawira masana, momwe mtima umapsera msanga, momwe khasu limalemerera, ndi chifukwa chake mwana wanjala amasinza m'kalasi. Tikadakonda makhansala athu, aphungu athu ndi akuluakulu a ku khonsolo atakhala oyamba kuyesa.

Komabe tisanamizane. Munthu wosala kudya mwa kufuna kwake amadziwa tsiku limene adzamasule, ndipo kudziwa kumeneko n'chakudya pakokha. Wosauka sadziwa ngati galimoto ya chimanga ibwera mwezi wamawa, sadziwa ngati dzina lake lidzakhalapobe pa mndandanda. Chimene chimapweteka kwambiri mu umphawi ndi kusowa poyambira kulinganiza za mawa, ndi manyazi oimirira pa mzere pamaso pa ana ako. Zimenezi sabata imodzi singatiphunzitse. Wotuluka m'kuyesaku akudzitama kuti tsopano umphawi waudziwa ndiye kuti sanaphunzirepo kanthu.

Boma lathu la Ntcheu, limene pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 650,000, si dziko louma ayi. Aliyense woyenda pa msewu wa M1 amaona milu ya kabichi, tomato, anyezi ndi mbatata ya kachewere pa Lizulu ndi pa mphambano ya ku Tsangano. Ndiwo za ku mapiri athu zimadyetsa Blantyre ndi Lilongwe. Nanga zimatheka bwanji kuti m'boma lomweli, makamaka kumunsi ku chigwa cha Bwanje, ku Bilira ndi ku Sharpevale, mabanja azigonera mango aawisi ophika? Yankho lake lili m'kayendedwe ka chaka cha mlimi wosauka, ndipo tikupemphani kuti mukatsatire bwino. Pa nthawi yokolola ali ndi ngongole ya katapila ndi zofunika za ana ku sukulu, choncho agulitsa chimanga kwa mavenda pa mtengo wolira, nthawi imene aliyense akugulitsa. Pofika Januwale agula chimanga chomwecho pa mtengo wowirikiza. Kuti apeze ndalama yogulira, apita kukagwira ganyu m'munda mwa mnzake wopeza bwino kapena kutsidya ku Mozambique, ndipo nthawi ya ganyuyo ndi nthawi yomweyo imene munda wake ukufuna kupalira ndi kubandira. Udzu udya chimanga chake iye akupalira cha wina. Akolola zochepa, ndipo chaka chamawa ayamba ganyu msanga kuposa chaka chino. Munthu ameneyu wagwira ntchito kuposa ambiri a ife, koma ndiye amene timamutcha waulesi.

Mvula ikavuta timati ndi ngozi yachilengedwe, ndipo n'zoona kuti chilala ndi namondwe sizipangidwa ku Capital Hill. Koma njala ili ndi mbali ina imene ndi ya ulamuliro. Akuluakulu akukumbukira chaka cha 2002, pamene anthu ambiri anamwalira ndipo Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza za ngozi ya njala mu Febuluwale. Chimanga choposa matani 160,000 chimene chinali m'nkhokwe za dziko chinali chitagulitsidwa miyezi ya m'mbuyomo. Bungwe la IMF linalangiza kuti nkhokwezo zichepetsedwe, koma chimene chinachitika n'chakuti zinatsala pafupifupi zopanda kanthu, ndipo anthu wamba sanauzidwe momveka kuti anapindula ndani. Mu 2005 Pulezidenti Bingu wa Mutharika analengezanso za njala, ndipo chaka chomwecho kunayamba makuponi a feteleza wotsika mtengo. Mu Epulo 2016 Pulezidenti Peter Mutharika analengeza ngozi ina imene inakhudza anthu oposa 6 miliyoni. Pa 23 Marichi 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza ngozi m'maboma 23 mwa 28 kaamba ka chilala cha El Niño, ndipo anthu 5.7 miliyoni anapezeka kuti akufunika thandizo. Mu Okutobala 2025 kunalengezedwanso, anthu pafupifupi 4 miliyoni ali pa chiopsezo. Zipani zasinthana mipando, koma mzere wa pa bwalo la sukulu ndi womwewo. Chinthu chimene chimabwera kawirikawiri chotere sitingapitirize kuchitcha chadzidzidzi.

Ndiponso sitinaiwale kuti mu 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni za feteleza wa ndondomeko ya AIP zinalipiridwa ku kampani ya ku Britain imene sinali yogulitsa feteleza, ndipo m'chaka chomwecho misika ya ADMARC inatsekedwa kwa nthawi, kusiya mlimi wakumudzi m'manja mwa mavenda. Wolakwitsa mu ofesi amachotsedwa pa udindo n'kupita kwawo kukadya; amene amalipira cholakwacho ndi mimba yake ndi mayi uja wa ndowa imodzi.

Malamulo aakulu a dziko lino, mu gawo 30, amanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wa chitukuko, ndipo amalamula boma kuonetsetsa kuti anthu onse ali ndi mwayi wofanana wopeza zinthu zofunika pa moyo, kuphatikizapo chakudya. Kotero thumba la chimanga si mphatso ya pulezidenti, si chifundo cha phungu, si katundu wa chipani. Linagulidwa ndi misonkho yathu, ndi ngongole imene adzabweze ana athu, kapena ndi thandizo la anthu a m'maiko ena. Wolandira sayenera kuvina, kuvala nsalu ya chipani kapena kugwada kuti alandire chimene chili chake kale. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa zinthu pofuna kukopa mavoti, koma lamulo lolembedwa silidziteteza lokha ngati ife eni ake tikuombera m'manja ochita zimenezi.

Pano tiyenera kulankhula za ife eni, pakuti mndandanda wa olandira sulembedwa ku Lilongwe. Umalembedwa m'mudzi, ndi makomiti a m'mudzi, pamaso pa nyakwawa ndi magulupu, ndipo ambiri mwa anthu amenewa timakhala nawo pa benchi imodzi Lamulungu. Pamene dzina la nkhalamba yosayenda lisiyidwa kuti palowe mlamu wa wapampando, pamene wolandira auzidwa kuti apereke ndowa ya “zikomo” kwa womulemba, pamene mtsikana kapena mayi wamasiye auzidwa kuti dzina lake lilembedwa akavomera zachiwerewere, amene achita zimenezi ndi anthu odziwika maina, ndipo oona n'kukhala chete ndi ifeyo. Kuba thandizo la wanjala n'kuba koipitsitsa, ngakhale wakubayo atakhala mkulu wa mpingo kapena wa m'kwaya. Tikupempha mafumu athu, kuyambira kwa Inkosi ya Makhosi Gomani mpaka kwa nyakwawa ya mudzi wochepetsetsa, kuti maina a olandira aziwerengedwa poyera pa bwalo, anthu onse akumva, chimanga chisanafike.

Tidziwenso kuti thandizo la kunja si mtsinje wosaphwa. Kwa zaka zambiri ndalama za Mtukula Pakhomo kuno ku Ntcheu ndi ku Balaka zakhala zikuchokera ku boma la Ireland, ndipo tikuthokoza anthu a dzikolo. Koma mu 2025 tinaona boma la America likutseka bungwe lake la USAID, ndipo ntchito zambiri zinaima mwadzidzidzi. Dziko limene kafukufuku wa boma wa 2019/20 anapeza kuti theka la anthu ake ndi osauka, ndipo mmodzi mwa asanu alionse ndi wosaukitsitsa, silingasiye mphika wa anthu amenewa m'manja mwa alendo. Aphungu athu pokambirana bajeti afunse kuti ndi ndalama zingati za misonkho yathu zimene zikupita ku Mtukula Pakhomo, ndiponso kuti bwanji ndalama yolandira singamakwere limodzi ndi mtengo wa chimanga.

Tikupempha mphakati uliwonse kuti pa msonkhano wake wotsatira utenge pepala ndi cholembera, ulembe mitengo ya lero ya pa msika wapafupi: ndowa ya chimanga, kugayitsa, paketi ya mchere, sopo, kambale ka nyemba, botolo laling'ono la mafuta. Muwerengere zimene banja la anthu asanu lingafune pa mwezi, mufananize ndi zimene olandira thandizo a m'dera lanu akulandiradi, ndipo muwafunse iwo eni, mwaulemu, kuti thumba lapitalo linatha tsiku liti. Pepala limenelo mulipereke kwa bambo mfumu wa parishi yanu, lina kwa khansala wa dera lanu, ndipo mumupemphe tsiku limene adzabwere kudzayankha pamaso pa anthu.