Asing'anga a Aaborijini Alowa m'Zipatala za ku Australia

Boma la chigawo cha South Australia lidachita chinthu chimene maboma ambiri amachita nacho manyazi. M'chaka cha 2009 lidalemba m'lamulo lake la matenda a m'maganizo kuti, pamene kuli kotheka ndi koyenera, osamala odwala a mtundu wa Aaborijini azigwira ntchito pamodzi ndi asing'anga a kwawo kwa odwalawo. Patapita zaka 10, mu 2019, zipatala za kumpoto kwa mzinda wa Adelaide, monga Lyell McEwin ndi Modbury, zidatsegula makomo kuti asing'angawo, amene eni ake amawatcha ngangkari, azifika pabedi la wodwala poyera, osati mozemba ayi. Ichi nchoyenera kuchiyamika, ndipo chifukwa chake chili pa wodwala mwini.

Anthu a Chipitjantjatjara ndi Chiyankunytjatjara, amene amadzitcha Anangu, amakhala m'chipululu cha pakati pa dzikolo, mtunda woposa makilomita 1,000 kuchokera ku Adelaide. Munthu wa kumeneko akadwala impso kapena mtima amatengedwa ulendo wonsewo, nakagonekedwa m'nyumba ya nsanjika pakati pa anthu osamva chinenero chake. Abale ali kutali, nthaka ya makolo ake ili kutali. Ndiponso iye akukumbukira kuti maboma akale ankalanda ana a Aaborijini kwa amayi awo, mlandu umene Nduna Yaikulu Kevin Rudd adapepesa mu 2008. Munthu wotere sakhulupirira msanga nyumba ya boma. Kotero mabuku a zipatala amasonyeza kuti Aaborijini amatuluka mankhwala asanathe, dotolo akukaniza, kawirikawiri koposa anthu ena. Chiwerengero cha boma cha zaka za 2020 mpaka 2022 chidapeza kuti moyo wawo ngwofupika ndi zaka zoposa 8 poyerekeza ndi wa anzawo a m'dziko lomwelo. Mankhwala angakome chotani, sachiza munthu amene wanyamula bulangete lake nkuchoka usiku.

Tsono ngangkari amachita chiyani? Aanangu amakhulupirira kuti munthu ali ndi mzimu wake wotchedwa kurunpa, ndipo kuti mantha, chisoni kapena nthenda zimatha kuusuntha pamalo pake. Ukasuntha, munthu amafooka, chakudya chimamkanika, tulo sationa. Ngangkari amamvetsera, amayang'anitsitsa wodwala, namsisita ndi manja kufikira atabwezera mzimuwo m'malo mwake. Ena amadzoza mafuta osakaniza ndi masamba a chitsamba chotchedwa irmangka-irmangka. Amaitanidwanso kudzayeretsa chipinda chimene mudafera munthu, pakuti wodwala wa kwawoko sangagone momasuka m'menemo mwambo usanachitike. Luso limeneli salitenga kusukulu. Agogo ndiwo amalipereka kwa mdzukulu akadali mwana, wamwamuna kapena wamkazi.

Alipo ophunzira amene akuti izi si za m'chipatala, popeza palibe makina amene adajambulapo kurunpa. Zoona, palibe. Koma iwowa aiwala kuti ngangkari sadabwere kudzalanda jekeseni m'manja mwa namwino. Bungwe la amayi la NPY Women's Council, la ku Alice Springs, lakhala likulemba ntchito asing'anga amenewa chiyambire 1998, ndipo iwo eni amauza anthu awo kupita kuchipatala akaona kuti nthendayo njofuna dotolo. Wina asamala mzimu, wina asamala magazi ndi mafupa, ndipo wodwala amene mtima wake wakhala pansi amavomera kutsala pabedi mpaka atatsiriza mankhwala. Ngakhale akatswiri a matenda a m'maganizo adavomereza: mu 2011 akuluakulu Andy Tjilari ndi Rupert Peter adali mwa asing'anga olandira mphoto ya Sigmund Freud chifukwa cha ntchito yawo.

Funso lolemera ndi lakuti, kodi ngangkari weniweni adziwika bwanji? Paliponse pamene pamveka ndalama, onyenga sachedwa kutulukira, ndipo kalaliki wa boma sangathe kusiyanitsa woona ndi wabodza poyang'ana pepala. Pamenepa Aanangu adadziyankhira okha. Adakhazikitsa bungwe lawo lotchedwa Anangu Ngangkari Tjutaku Aboriginal Corporation, m'mene asing'anga aakulu ndiwo amachitira umboni munthu asanatumizidwe kuchipatala. Njira imeneyi njanzeru, pakuti kumudzi aliyense amadziwa gogo amene adapatsa munthuyo mphamvu, ndi anthu amene adachira m'manja mwake.

Chotsala ndi malipiro. Thumba la Medicare, limene limalipirira Aaustralia akaonana ndi dotolo, sililipira ntchito ya ngangkari. Motero ntchitoyi ikudalira ndalama zopatsidwa kwa kanthawi ndi kufuna kwa akuluakulu a chipatala chilichonse, ndipo mkulu wina akasintha, khomo lingathe kutsekedwanso. Asing'anga odziwika ambiri ngokalamba, ndipo ulendo wochokera kuchipululu umadya ndalama za galimoto, za malo ogona ndi za womasulira. Chigawo cha South Australia chidayamba bwino polemba lamulo. Tsopano boma lalikulu la ku Canberra liyenera kuika ndalama za ntchitoyi m'bajeti ya chaka ndi chaka, monga limachitira ndi ntchito zina za umoyo.