Galu wa bwana ku Joni si galu wa kumudzi kwathu

Abale athu amene amagwira ntchito m'nyumba za mabwana ku Joni akamabwera kudzaona makolo amatenga zambiri: mabulangete, mafoni, njinga, komanso nzeru zatsopano. Imodzi mwa nzeru zimene zafika m'midzi ya kuno kwathu ndi yakuti galu safunika kubayidwa katemera chaka chilichonse. Iwo akuti ndi amene amaperekeza agalu a mabwana awo kwa dokotala wa ziweto, ndipo dokotalayo amalemba m'kabuku kuti galu adzabwerenso pakatha zaka 3. Tsono akufunsa kuti, nanga a vetenale akuno amativutitsiranji chaka ndi chaka kuti tizikoka agalu kupita nawo kudibi kapena pabwalo la sukulu?

Funsoli ndalimva pamaliro, ndalimva pamsika, ndipo ana a Fomu 3 andifunsanso m'kalasi ya Biology. Ndi funso lanzeru, choncho sabata ino ndati tiliunike bwinobwino, chifukwa yankho lake likukhudza moyo wa ana athu.

Choyamba ndinene kuti abale athuwo sakunama. Lamulo la ku South Africa limati mwana wa galu abayidwe katemera wa chiwewe akakwana miyezi 3, abayidwenso chaka chisanathe, ndipo kuchokera apo azibayidwa pakatha zaka 3 zilizonse. Kumayiko a azungu nkhani yochepetsa katemera wa agalu inayamba kalekale. Katswiri wina wa pa yunivesite ya Wisconsin ku America, Ronald Schultz, anatha zaka zambiri akufufuza kuti chitetezo chimene katemera amasiya m'thupi la galu chimakhala nthawi yaitali bwanji. Iye anapeza kuti pa matenda akuluakulu monga distemper ndi parvovirus, aja amapha tiana ta agalu ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba mwa magazi, chitetezo chimatha zaka zingapo chili ndi mphamvu. M'chaka cha 2003 bungwe la zipatala za ziweto ku America la AAHA linatulutsa malangizo akuti katemera wa matendawa aziperekedwa pakatha zaka 3, ndipo mu 2007 bungwe la madokotala a agalu ndi amphaka la dziko lonse la WSAVA linanenanso chimodzimodzi.

Zifukwa zawo n'zomveka. Mankhwala alionse, ngakhale abwino chotani, saperekedwa mwachisawawa. Agalu ena ochepa amatupa kapena kuyabwa akabayidwa, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 madokotala anaona kuti amphaka ena ochepa akutuluka chotupa pamalo pamene anabayidwa. Ngati chitetezo chikadalipo m'thupi, palibe chifukwa chobayiranso nyama ndi kulipiritsa mwini wake.

Koma amene abwera ndi nkhaniyi atenga mutu wokha, thupi asiya konko. Galu wa bwana uja asanafike pa zaka 3 zimene akunenazo anabayidwa kangapo ali mwana, komaliza ali ndi masabata 16 kapena kuposerapo, kenaka anabayidwanso asanapitirire chaka. Ali ndi kabuku kolembedwa tsiku ndi dzina la katemera. Amagona kumpanda, amadya kawiri patsiku, amamwa mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo chaka chilichonse amakapimidwa ngakhale asabayidwe. Ndiponso akatemera ena, monga wa leptospirosis, akuperekedwabe chaka ndi chaka ngakhale kwa azungu komweko. Ku Britain chiwewe chinatheratu pakati pa agalu mu 1922, mwakuti galu wa ku London sabayidwa n'komwe katemera wa chiwewe pokhapokha ngati akupita naye kunja kwa dziko. Munthu wotere akamakamba zochepetsa katemera amakhala akuganizira za thanzi la galu wake mmodziyo. Ife kuno tikamakamba za katemera wa agalu timakhala tikunena za chiwewe, ndipo amene tikumuteteza kwenikweni ndi mwana amene akupita kusukulu m'bandakucha podutsa m'makomo a anthu.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mwa iwo mu Africa ndi ku Asia. Mwa anthu 100 odwala chiwewe, mpaka 99 amakhala atachitenga kwa galu, ndipo pafupifupi 40 amakhala ana osakwana zaka 15. Kachilombo kake kamakhala m'malovu, kamalowa pabala, n'kumayenda pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kukafika ku ubongo. Nthawi zambiri pamadutsa miyezi 2 kapena 3 munthu ali bwinobwino, bala litapola, aliyense ataiwala. Zizindikiro zikangoyamba, kuopa madzi kuja, kubwebweta ndi kutuluka dovu, palibenso chipatala chimene chingamupulumutse. Madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anaonetsa mu 2007 kuti ana ena amene ankaganiziridwa kuti amwalira ndi malungo a mu ubongo anali ataphedwa ndi chiwewe. Izi zikutiuza kuti m'midzi mwathu taika maliro ena osadziwa chimene chatenga mwana, mwinanso n'kumalozana zala kuti walodzedwa.

Tsono bwanji chaka chilichonse, pamene katemera wabwino angathe kuteteza galu wathanzi mpaka zaka 3? Yankho lili m'masamu, ndipo ine monga mphunzitsi ndimalifotokoza ndi chitsanzo cha sukulu. Chaka chilichonse a Fomu 4 amalemba mayeso n'kuchoka, a Fomu 1 n'kulowa. Ndikaphunzitsa sukulu yonse malamulo lero, pakatha zaka 3 ambiri amene ndinawaphunzitsa aja amakhala atapita, ndipo m'makalasi mwadzaza nkhope zachilendo. N'chifukwa chake malamulo timawerenga pa asembule chaka chilichonse, ngakhale a Fomu 3 anawamva kale kawiri.

Agalu a kumudzi amasinthana mofulumira kuposa ana asukulu. Ndani mwa ife amene ali ndi galu wazaka 10? Ena amafa ndi matenda, ena amagundidwa ndi galimoto, ena amathiridwa tameki ataba nkhuku, ena amapita kuchibale. Uku nayenso galu wamkazi akuswa ana 5 kapena 6, ndipo pamsewu anyamata akugulitsa tiana tina tosadziwika kumene tachokera.

Tiyerekeze kuti mudzi uli ndi agalu 100 ndipo a vetenale abaya 70. Tiyerekezenso kuti chaka chilichonse agalu 30 mwa 100 amafa kapena kuchoka, ndipo malo awo amalowa ana ongobadwa kumene. Pakutha pa chaka choyamba, obayidwa aja atsala 49. Pakutha pa chaka chachiwiri atsala 34, ndipo pa chaka chachitatu atsala 24 okha. Katemera sanathe mphamvu m'thupi la galu aliyense, koma mudzi wonse watsala pamtetete. Ofufuza amene anatsata chiwewe kwa zaka zambiri m'midzi ya kumpoto kwa Tanzania anapeza kuti matendawa amalephera kufala ngati agalu otetezedwa sakutsika kupitirira pafupifupi 40 mwa 100 alionse. Apa ndi pamene pachokera lamulo la WHO lakuti tizibaya agalu osachepera 70 mwa 100 chaka chilichonse: kuti pofika nthawi ya katemera wina, chiwerengero chikhale chisanagwe pansi pa malire aja. Onani masamu athu aja. Tikangodumpha chaka chimodzi, tagwa kale.

Njirayi inayesedwa ndipo inaoneka kuti imagwira. Dziko la Mexico linkabaya agalu mamiliyoni ambiri mwaulere chaka ndi chaka osalekeza, ndipo mu 2019 WHO inavomereza kuti kumeneko chiwewe chochokera kwa agalu chasiya kukhala vuto la umoyo wa anthu. Kwathu konkuno, bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito ku Blantyre mu 2015 mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, ndipo ulendo woyamba womwewo linabaya agalu oposa 35,000 mumzindawo. Chofunika kuona n'chakuti iwo sanati poti tabaya ambiri tidzabwerenso pakatha zaka 3. Anabwereranso chaka chotsatira, ndi chinanso, chifukwa ankadziwa masamu amene tachitawa.

Wina anena kuti, chabwino, bayani ana agaluwo, koma wanga amene munamubaya chaka chatha musiyeni. Pepani bambo, khadi lake lili kuti? M'nyumba zambiri khadi lija linanyowa ndi mvula, linadyedwa ndi chiswe kapena anapichirira fodya. Mlangizi amene ali ndi mzere wa agalu 200 padzuwa sangathe kuweruza milandu ya kuti uyu ndi Bruno wa chaka chatha kapena ndi mng'ono wake wofanana naye. Kuonjezera apo, galu wowonda, wa mphere ndi njoka za m'mimba, amene amadya mkute wa nsima akaupeza, thupi lake silingadaliridwe kuti lasunga chitetezo mofanana ndi galu wa kumpanda uja. Kumubayanso sikumupweteka. Kumusiya ndi kumene kungatipweteke tonse.

Palinso zonena zakale zimene nkhani yatsopanoyi yazipatsa mphamvu. Alenje amati galu akabayidwa amasiya kununkhiza, sathamangitsanso kalulu. Ena amati amasiya ukali, akuba azingolowa. Katemera sakhudza mphuno kapena mtima wa galu; chimene amachita ndi kuphunzitsa thupi kuzindikira kachilombo kasanafike. Galu angathe kufooka tsiku limodzi kapena awiri, monga mmene mwana amatenthera thupi akachokera kusikelo, kenaka n'kubwerera mwakale. Ndipo galu wa mlenje ndiye woyamba kufunika katemera, chifukwa ndi amene amakumana ndi nkhandwe kuthengo ndi agalu a midzi ina. Ana agalu nawonso musawasiye kunyumba poganiza kuti ndi aang'ono. M'madera amene muli chiwewe malangizo a WHO ndi akuti pa katemera wa onse abayidwe ndithu, chifukwa iwowo ndi amene ana athu amawanyamula ndi kusewera nawo.

Ena amati njira yachidule ndi kupha agalu onse oyendayenda. Izi zayesedwa m'mayiko ambiri ndipo sizinathetse chiwewe. Mfuti ndi poizoni sizisankha wobayidwa ndi wosabayidwa, ndipo mwini galu wophedwayo mawa lake amakatenga kamwana kena kosabayidwa. Galu wobayidwa ali ngati mpanda wa mudzi: wachiwewe akamuluma, matenda amathera pomwepo.

Kodi ndiye kuti palibe amene angachepetse? Alipo. Ngati muli mtauni, galu wanu satuluka kumpanda, muli ndi kabuku kake ndipo muli ndi dokotala wa ziweto amene amamudziwa, kambiranani naye za katemera wa distemper ndi parvovirus, ndipo iye akuuzani nthawi yoyenera. Koma tinene zoona, agalu ambiri a m'midzi mwathu akatemera amenewo sanawalawepo n'kamodzi komwe. Vuto lathu ndi kuperewera kwa katemera. Munthu amene nkhokwe yake ili mbee sayamba kudandaula za kunenepa.

Pempho langa kwa akuluakulu oona za ziweto ndi lakuti katemera azibwera mwezi wodziwika chaka chilichonse, kuti anthu azolowere monga anazolowerera sikelo ya ana. Uthenga uzidzera kwa mafumu, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi m'sukulu kukadali masiku. Ndipo tsiku lake likhale Loweruka kapena pa holide, chifukwa amene amatha kugwira galu kumudzi ndi mnyamata amene amayenda naye, osati bambo ake. Likakhala Lachiwiri m'mawa, ife aphunzitsi timapeza makalasi opanda anthu, apo ayi a vetenale amapeza bwalo lopanda agalu.

Kwa makolo ndi aphunzitsi anzanga, tiwauze ana kuti akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu asabise poopa kukalipiridwa. Bala litsukidwe nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mwana apite kuchipatala tsiku lomwelo kuti akayambe jakisoni. Musataye nthawi ndi kuwotcha ubweya wa galu n'kupaka pabala. Ngati galuyo ndi wodziwika, amangidwe ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10, koma mwana asadikire masikuwo ali pakhomo. Jakisoni wa munthu ndi wodula kwambiri poyerekeza ndi wa galu, amafuna maulendo angapo, ndipo nthawi zina banja limayenda mtunda wautali n'kupeza kuti watha. Ndaonapo makolo a mwana wa m'kalasi mwanga akugulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti yokafunafuna jakisoniyu, pamene galu amene anamuluma akanabayidwa ulere miyezi ingapo m'mbuyomo.

Pa 28 September chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe. Ndi tsiku limene anamwalira Louis Pasteur, amene mu 1885 anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu wachiwewe pomubaya katemera woyamba. Mayiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasadzapezekenso munthu wofa ndi chiwewe cha galu. Tikadzafika pamenepo, ana athu ndi amene adzakhale pansi n'kukambirana zochepetsa katemera. Pakadali pano, mukamva kuti a vetenale afika, m'mangeni chingwe Bruno, tengani ndi ana ake omwe, ndipo khadi lakelo mukalisunge pamodzi ndi chiphaso cha kusikelo.