Dziwe lakumbidwa, nanga ulangizi uchokera kuti?

TETE – M'madambo a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga alimi ena akumba maiwe oweta nsomba. Khasu ali nalo, mphamvu ali nazo. Chowasowa ndi munthu wowayankha nsomba zikakana kukula.

Poyambira kufunsa ndi ku ofesi ya SDAE, yoona za ulimi ndi usodzi pa boma lililonse. Koma kuchokera kumudzi wa m'malire kukafika kumeneko ndi ulendo wotha tsiku, ndipo mlangizi wodziwa chimanga ndi mbatatesi sikuti amadziwanso nsomba. Malo a kafukufuku a CEPAQ ali ku Chókwè, m'chigawo cha Gaza, kutali zedi. Zolembedwa zambiri zili m'Chipwitikizi, chinenero chimene mwini dziwe mwina anangochilawa pang'ono kusukulu.

Komatu zofunika kudziwa si zamatsenga. Dziwe likhale lakuya pafupifupi mita imodzi, pa dothi la makande losunga madzi. Pa mita imodzi mbali zonse muikidwe tiana tiwiri kapena titatu basi. Manyowa a nkhuku kapena a mbuzi amabiriwitsa madzi, ndipo kubiriwirako ndiye chakudya cha makumba. Madeya ndi owonjezera chabe. Zazimuna ndi zazikazi zikasiyidwa pamodzi nthawi yaitali zimaswana mopyola, mlimi n'kukolola tinsomba tonga chala. Kumapiri kuno kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumachititsa nsomba kudya pang'ono, choncho wothira madeya ambiri nyengo imeneyo amangowoletsa madzi.

Posowa wowauza zimenezi, ena amakafunsa abale a kutsidya, ku Dedza ndi ku Ntcheu, poti chinenero n'chimodzi ndipo Malawi ali ndi likulu la ulimi wa nsomba ku Domasi. Kutenga nzeru kumeneko sikulakwa. Choopsa ndi kubwerako ndi tiana ta nsomba m'chidebe popanda wotiyeza. Mu 2020 matenda a zilonda otchedwa EUS anapezeka m'boma la Mchinji, ndipo matenda otere amayenda ndi nsomba, madzi ndi maukonde, osaima pa chipata.

Wailesi ya Rádio Moçambique ku Tete imalankhula kale m'Chinyanja. Ipatule nthawi sabata iliyonse yoti katswiri wa nsomba aziyankha mafunso a alimi. Nawo a SDAE alengeze poyera kumene mbewu yabwino ikupezeka, mtengo wake, ndi tsiku limene mlangizi adzafike pa dziwe, eni maiwe asanayambe kugula tiana nyengo yofunda ikubwerayi.