ZA PA KHONDE: Njinga ya moto yofiira ya ku Italy



Mwezi uno talandira kalata ya mai wina wa kufupi ndi Bvumbwe, ndipo popeza nkhani yache iri m'nyumba zambiri za kuno ku Thyolo, tiiyankha pano kuti onse amve. Maiyo ali ndi mwana wamwamuna amene adathyolako tiyi madzinja awiri, natopa nayo nchitoyo. Tsono mnyamatayo wamata pa khoma chithunzi cha njinga ya moto yofiira, yokhala ndi timapiko ku mphuno kwache, ndipo madzulo ali onse aumiriza amache kuti agulitse ndime ya kumunsi kwa munda, iye agule njinga nayambe kabaza. Mai afunsa zinthu ziwiri: njinga ya pa chithunziyo njotani, nanga munda augulitse kodi? Dzina lolembedwa pa nthiti ya njingayo adatikopera bwino lomwe, lemba ndi lemba: Ducati Superleggera V4.

Tiyambe ndi funso loyamba. Maina a Chitaliyana si achilendo kuno ai, pakuti ana omwe adziwa minda ya tiyi ya Conforzi, imene idatenga dzina la Mtaliyana amene adalima fodya ndi tiyi m'dziko muno pa nthawi ya Atsamunda. Ducati nalonso ndi dzina la banja. Bambo wina, Antonio Cavalieri Ducati, pamodzi ndi ana ache atatu, Adriano, Bruno ndi Marcello, adatsegula nyumba ya nchito mu mzinda wa Bologna m'chaka cha 1926, ndipo poyamba sadali kupanga njinga konse, koma tizitsulo ta m'kati mwa wailesi. Fakitale yao ya ku Borgo Panigale idaphwanyidwa ndi mabomba m'mwezi wa October 1944, pa nkhondo yaikulu yachiwiri. Nkhondo itatha anthu a ku Italy adali amphawi, galimoto sakadaikhoza, ndipo m'chaka cha 1946 a Ducati adayamba kupanga kainjini kakang'ono ka 48 cc komangirira pa njinga ya kapalasa. Adakatcha Cucciolo, ndiko kunena kamwana ka galu. Anthu a nchito adakagula zikwizikwi, chifukwa kadali kumwa mafuta pang'ono ndi kuwafikitsa ku nchito osatuluka thukuta. Ine ndiyesa kuti kainjini kameneko kakadatipindulira ife a ku Thyolo koposa mdzukulu wache wa pa chithunziyo.

Mdzukuluyo adaoneka m'chaka cha 2020. Liu lakuti Superleggera litanthauza chinthu chopepuka kopambana. Adapanga njinga 500 zokha za pa dziko lonse lapansi, iri yonse ndi nambala yache yolembedwa pa chitsulo, ndipo ku America mtengo wache udali madola 100,000. Adachitanso chomwecho m'chaka cha 2014 ndi cha 2017 ndi njinga zina ziwiri za dzina lomweli, 500 nthawi iri yonse. Musayese kuti adalephera kupanga zambiri, iai; adachita dala. Wogulitsa nsomba adziwa kuti pa tsiku limene chambo chachepa pa msika mtengo ukwera, ndipo anthu olemera akonda chinthu chimene mnzao alibe. Ndalama zimenezo zikadagula njinga za kabaza zoposa 50.

Kupepuka kwache kudza motere. Mafupa a njinga zathu ndi achitsulo. Koma mafupa a iyi, ndi mikombero ya magudumu, ndi mkono wogwira gudumu la pambuyo, adazipanga ndi ulusi wa kaboni wolukidwa ngati nsalu ndi kuumitsidwa ndi utomoni, chinthu cholimba ndithu koma chosalemera. Yopanda mafuta ilemera makilogalamu 159, ndiwo matumba atatu a chimanga ndi kachigawo pamwamba. Apa pali chodabwitsa chimene mnyamata wathu sadachiganize: njinga zazing'ono zimene ziima pa msika wa Bvumbwe ndi pa Luchenza nzopepuka koposa iyo yochedwa yopepuka kopambana! Aitcha yopepuka poilinganiza ndi mphamvu yache. Azungu ayesa mphamvu ya injini ndi akavalo. Njinga ya kabaza iri ndi mphamvu ya akavalo ngati 10, koma injini ya iyi, ya 998 cc, iri ndi ya akavalo 224. Mphamvu yotere ifuna kunyamula gudumu la kutsogolo kuti lisiyane ndi nthaka, ndicho chifukwa chache adaiikira timapiko tija. Timapiko ta ndege tiikweza m'mwamba, koma iti ntozondoka, tiikanikizira pansi; ndipo pa liwiro la makilomita 270 pa ora tikanikiza ndi kulemera kwa makilogalamu 50, monga ngati munthu wasenzetsa njingayo thumba la chimanga losaoneka.

Taganizani liwiro limenelo. Pa sekondi imodzi njinga yatha mamita 75, ndipo bwalo la mpira yalidutsa inu musanaphethire kawiri. Kukadakhala mseu woongoka ndi wopanda kanthu kuchokera pa boma la Thyolo kufikira ku Limbe, sipakadatha mphindi 10. Koma mseu wathu mwaudziwa: ukhota ndi kukwera ndi kutsika, m'mamawa muli anthu a madengu kumsana opita kukathyola, muli mathirakitala okoka ngolo za masamba, ana a sukulu, mbuzi, ndipo m'miyezi ya June ndi July chiperoni chitseka maso kuti simuona ngakhale mtengo wa bulugamu uli pafupi. Njinga ya pa chithunziyo adaipangira bwalo la mpikisano losalala ngati mbale. Mimba yache iri pafupi ndi nthaka, matayala ache alibe mano ogwira matope, iri ndi mpando wa munthu mmodzi yekha, ndipo palibe pomangirira chigubu cha mkaka kapena mkoko wa nthochi. Pa njira ya dothi lofiira ya m'kati mwa tiyi, mvula itagwa usiku, siingafike ngakhale pa mlatho woyamba. Mai, musaope chithunzicho. Mwana wanu sadzaigula, ndipo iye yemwe adziwa. Chimene afuna ndi njinga yaing'ono ya ku China kapena ya ku India, monga za anzache.

Tsono tifike pa funso lachiwiri, limene liri lolemera.

Sitinyoza kabaza ai. Njinga zimenezi zafikitsa amai apakati ku chipatala usiku kuchokera ku midzi kumene galimoto siifika, zinyamula mkaka usanasase, ndipo zadyetsa mabanja ambiri chifere nthochi zathu ndi matenda a chisaka. Mnyamata wofuna nchito imeneyi safuna choipa. Koma tiwerenge naye bwino, monga achitira munthu wofuna kumanga nyumba.

Mtengo wa njinga ndiwo chiyambi chabe. Lamulo lifuna kuti njinga ilembedwe ku ofesi yoona za pa mseu ndi kulandira nambala, kuti ikhale ndi inshuwalansi, kuti woyendetsa akhale ndi laisensi, ndi kuti iye ndi wokwera abvale zipewa zolimba. Ambiri alumpha zonsezi, makamaka ogula njinga zotsika mtengo zolowa cha ku malire a Mozambique, ndipo pambuyo pache ayenda ngati mbala, kuthawa apolisi m'tinjira ta m'tchire. Tsiku limene agwidwa, njinga igona ku polisi ndi ndalama ya sabata yonse ithera pomwepo. Pamwamba pa izi pali petulo, oilo, tcheni ndi matayala, zonse zochokera kunja. Mukumbukira kuti m'mwezi wa November 2023 kwacha idagwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo zinthu zonse za kunja zidakwera mtengo pomwepo. Koma mai wokwera njinga kupita ku chigayo sadaonjezeredwe ndalama ya m'chikwama mwache, ndipo adapitiriza kunenerera mtengo monga kale. Mukumbukiranso masiku amene mafuta adasowa, anyamata nagona pa mzere ndi njinga zao osagwira nchito.

Palinso china chimene chiri chathuchathu cha kuno ku tiyi. Masamba achuluka m'dzinja, kuyambira December kufikira April, ndipo ndiyo nthawi imene minda ilemba anthu ambiri ndi ndalama iyenda m'midzi. Koma ndiyonso nthawi imene njira ziterera, milatho ichoka, monga tidaonera ndi namondwe Freddy m'mwezi wa March 2023, ndipo njinga iwonongeka msanga. M'chilimwe njira ziuma bwino, koma a nchito ya kanthawi achotsedwa, okwera achepa, ndipo anyamata khumi alimbirana munthu mmodzi pa siteji. Amene awerenga phindu la chaka chonse poyang'ana tsiku la malipiro a pa esiteti adzinyenga yekha.

Za ngozi sindichulukitsa mau. Pitani tsiku limodzi ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mukaone amene agona m'chipinda cha othyoka mafupa, ndi kufunsa chimene chidawagonetsa. Ndingonena chinthu chimodzi chimene anyamata ambiri sachidziwa. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti njinga iime uwirikiza kanai. Woyenda makilomita 60 pa ora atha mamita 17 pa sekondi iri yonse, ndiye kuti mwana akatulukira m'mizere ya tiyi, njinga yafika kale pa iye dzanja lisanagwire buleki. Ndipo akuba nawonso adziwa kuti njinga igulitsika msanga. Okwera a usiku si onse ali ndi ulendo woona.

Nanga munda? Pa kalembera wa 2018 boma la Thyolo lidapezeka ndi anthu oposa 700,000, ndipo nthaka yabwino yambiri iri pansi pa tiyi, makadamiya ndi bulugamu chiyambire masiku a thangata. Kuno munthu wogulitsa ndime saipezanso ina, ngakhale adze ndi ndalama m'manja. Njinga ikagwira nchito ya kabaza zaka zowerengeka yakalamba. Ndime ija idadyetsa agogo anu ndipo ikali kubala chimanga ndi nandolo. Ndiponso, mai, mwa mwambo wathu wa chikamwini munda umenewo si wanu nokha, ndi wa mbumba. Ana anu akazi adzalima pati? Mwana wamwamunayo tsiku lina adzapita kukakhala kwa mkazi wache, njinga napita nayo, alongo ache natsala ndi theka la munda. Chifukwa chache yankho lathu ndi lakuti musagulitse, ndipo musaupereke chikole kwa a katapila, pakuti kumeneko ndiko kugulitsa komwe, koma kwa mtengo wochepa.

Komatu kungokaniza mwana sikukwanira, angakhumudwe ndi kuthawira ku Joni. Itanani malume ache, mwini mbumba, mukhale pansi atatu. Mnyamatayo ayambe watenga laisensi. Ndalama yache njochepa poyerekeza ndi mtengo wa njinga, ndipo pamenepo mudzaona ngati mtima wache uli pa nchito kapena pa chithunzi. Atatero, akwere njinga ya mwini wina miyezi isanu ndi umodzi, ya dzinja ndi ya chilimwe yomwe, monga achitira anzache amene apereka ndalama ya pangano kwa mwini njinga ndi kusunga yotsala. Agule kabuku ka sukulu, alembemo madzulo ali onse zimene walandira, za petulo, za kwa makaniko ndi za mwini njinga, ndipo malume aziona kabukuko pa Sabata. Yotsalayo aziika ku banki m'khonde pamodzi ndi yanu ya mkaka kapena ya nandolo. Miyeziyo ikatha, kabukuko kadzanena ngati njinga ya iye yekha ingadzilipire. Ndipo pangano liri lonse ndi mwini njinga lilembedwe pa pepala pamaso pa mboni ziwiri, lonena poyera amene adzalipira njinga ikawonongeka kapena ikabedwa.

Mutilemberenso, mai, mphesa zikayamba kupsa m'minda ya ena ndi nandolo m'munda mwanu, mutiuze zimene kabukuko kaonetsa.